Funsani a Dokotala: "Ndikufuna pathology koma kwathu akuti ndizikang'amba maliro"

A Dokotala, ndine mnyamata wa zaka 29, digiri ya udokotala ya MBBS ndinamaliza ku Blantyre, intanishipu ndinapanga kale ndipo pano ndikugwira ntchito pa chipatala china kuno ku Dedza. Kuyambira ndili ku koleji mtima wanga uli pa pathology koma sindikudziwa poyambira, apulayi amapanga bwanji, kuti, nanga fizi amalipira ndani? Anzanga onse akuthamangira surgery ndi obs, akuti pathology ndi ya anthu otopa ndi ma call. Mayi anga atamva anangoti "ndiye mbatatesi zonse tinagulitsa zija zinali zoti uzikang'amba maliro?" Komanso pa YouTube ndikuona anthu akunena kuti ku America pathology ndi yosavuta kulowa, ndi zoona? Ndithandizeni chonde.
Dokotala wachinyamata, Dedza

Achimwene, choyamba mundiperekere moni kwa mayi ndipo musawakwiyire ayi, akunena zomwe Malawi yense amadziwa. Pathologist kuno amamveka pa wailesi pokhapokha munthu akafa modabwitsa basi. Anthu anamva dzina la Dr Charles Dzamalala pa nkhani ya Robert Chasowa, mnyamata wa ku Poly uja anapezeka atafa mu 2011, ndipo inu a ku Dedza munalimvanso mu 2019 pa imfa ya Buleya Lule, amene anamangidwa pa nkhani ya kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa konko n'kukafera m'manja mwa apolisi. Nde mayi akamva kuti pathology chimene chikubwera m'mutu ndi mochale, mpeni ndi khoti, simungawanene.

Koma inu ndi ine tikudziwa kuti ntchito yambiri ya pathologist ndi ya anthu amoyo, amene akhala pa benchi kudikira kuti auzidwe ngati chotupa chili m'bere lija ndi khansa kapena ayi. Ndipo yankho langa lonse lagona apa: musanalembe kalata ina iliyonse yofunsira malo, pitani mukakhale mu labu ya histopathology, yoyeza tinyama tochotsedwa m'thupi, mukaione ntchitoyo ndi maso anu kwa masabata angapo. Zina zonse ndikuuzeni m'munsimu n'zothandiza koma ichi ndiye chimasiyanitsa amene amatengedwa ndi amene amangoyamikiridwa kuti "tikuyankhani."

Chifukwa chake n'chakuti pathology imene munaikonda ku koleji ndi ya m'buku, zithunzi zoyera bwino zosankhidwa kale, chilichonse chili ndi dzina pansi pake. Ya mu labu ndi ina. Tiyeni titsatire kabotolo kamodzi. Mwachotsa kanyama pa khomo la chiberekero kwa mayi wa ku Lobi, mwakaponya mu formalin, mankhwala oteteza kuti kasaole, ndipo formalin uja amayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi kuposa kanyamako, osati kungonyowetsa ngati momwe ena amachitira ikachepa. Kakafika ku Lilongwe wina amakatsegula, fungo limalasa m'maso misozi n'kuyamba kutuluka yokha, amakayeza kutalika kwake ndi rula, kulemba mtundu wake, kukadula n'kukaika mu kaseti ka pulasitiki kokhala ndi nambala. Usiku onse kamakhala mu makina amene amachotsa madzi n'kulowetsa phula. M'mawa tekinishani amakaumba mu buloko ya phula n'kuyamba kusenda pa makina otchedwa microtome, tizidutswa ta ma micron 3 mpaka 5, topyapyala moti mukapuma mwamphamvu timauluka. Kenako amatiyandamitsa pa madzi ofunda, kutitola ndi galasi, kupaka utoto wa H&E, zonse n'kusanduka pinki ndi pepo. Apo ndi pomwe sulaidi imafika pa tebulo lanu, ndipo si imodzi, ndi thireyi yodzaza, ndipo kumbuyo kwake kuli ma thireyi ena. Mumakhala pa maikulosikopu maola, khosi kuwawa, ndipo pamapeto pake mumayenera kulemba mzere umodzi n'kusaina dzina lanu, mzere umene upangitse kuti mayi uja achotsedwe chiberekero kapena abwerere kwawo akalime. Pali anthu amene akaona zimenezi amati eya kwathu ndi kuno, pali ena tsiku lachitatu amakhala akufunafuna chifukwa chotulukira panja. Ndibwino mudziwe kuti ndinu uti musanasaine bondi ndi okulipirirani maphunziro.

Ndipo muli ndi mwayi chifukwa kuchoka pa Dedza boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 okha, minibasi ya m'mawa mwafika. Labu ya pathology ya pa Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project ya yunivesite ya North Carolina ku America, isanabwere imeneyi ma sampulo a chigawo chapakati ankadalira ku Blantyre. Pa labu ya Kamuzu Central anayambitsanso zoti ma sulaidi ovuta amawasikana n'kukambirana pa intaneti ndi anzawo a ku North Carolina, nde mukapeza mpata wokhala nawo pa zokambirana zimenezo khalani kumbuyo mumvetsere, mudzaphunzira zambiri. Ku Blantyre kulinso dipatimenti ya pathology ya KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, aphunzitsi anu akale ali komweko. Lembani kalata yaifupi yaulemu, nenani kuti ndinu ndani, muli ndi holide ya masiku akutiakuti, mukupempha kudzaonerera. Osalemba nkhani yaitali ya maloto anu, anthu aja ndi ochepa kwambiri ndipo ntchito yawachulukira, akufuna adziwe tsiku lomwe mukubwera basi.

Phindu lina la ulendo umenewu ndi ma referee. Pafupifupi sukulu iliyonse idzafuna makalata awiri kapena atatu okuchitirani umboni. Kalata ya DHO wanu ndi yofunika, ikusonyeza kuti mumabwera ku ntchito komanso simukangana ndi manesi, koma imene amaiwerenga kawiri ndi ya pathologist amene akulemba kuti mnyamata uyu anakhala nane, anadula ma specimen, amafunsa mafunso anzeru. Ma pathologist a m'chigawo chino cha Africa ndi owerengeka ndipo amadziwana, ena anaphunzira limodzi, amakumana ku misonkhano ya bungwe lawo la COPECSA, nde dzina la amene wasaina kalata yanu likhoza kukhala la mnzake wa amene akuiwerenga.

Muli pa Dedza pomwepo yambani kusunga kabuku. Biopsy iliyonse, kanyama kaja, imene mwatumiza lembani tsiku, mwachotsa pati, mumaganizira chiyani, ripoti linabwera liti ndipo linati chiyani. Pakatha chaka mudzakhala ndi chinthu chimene ma applicant ambiri alibe, mudzatha kunena kuti pa chipatala chathu ma results amatenga nthawi yakuti, ambiri amachedwera pakuti, ndipo ine ndinalakwitsa kuganiza pa matenda akuti. Imeneyo ndi audit kale, mukapempha chilolezo choyenera ikhoza kusanduka posita ya ku msonkhano kapena kapepala kofalitsa. Ndipo nkhani simudzasowa, dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, chimodzimodzi ya kummero, kuwonjezera apo Kaposi, ma lymphoma, Burkitt mwa ana, ndi TB ya m'ma gland imene imanamiza anthu kuti ndi khansa. Fomu yotumizira sampulo nayo muziilemba bwino achimwene. Palibe chimene chimakwiyitsa pathologist ngati fomu yolembedwa kuti "mass" basi, osanena zaka za wodwala, osanena HIV status, osanena kuti chotupacho chili pati. Mukamalemba ma fomu osamala dzina lanu limakhala litadziwika kale ku labu musanafikeko, ndipo izi sindikunena moseka.

Tsopano musankhe nthambi, chifukwa pathology si imodzi. Pali anatomical, imene ndafotokoza ija ya ma biopsy, pamodzi ndi cytology yoyang'ana ma selo, pali haematology ya magazi ndi bone marrow, pali chemical pathology, microbiology, virology, ndi forensic imene mayi akuopa ija. Ku South Africa iliyonse ndi pulogalamu payokha, simungangolemba kuti ndikufuna pathology. Momwe mwalembera kalata yanu ndikuona ngati mukunena anatomical, ndiye ndiyankha ngati choncho. Koma dziwani kuti ngakhale mu anatomical ma postmortem alipo ndithu pa maphunziro, sungawazembe, ndipo mukabwera kuno poti anthu ndi ochepa apolisi adzagogodabe pa khomo lanu.

Kopita. Kuno kwathu ma MMed, madigiri a ukatswiri wa udokotala, a KUHeS amatenga zaka 4 ndipo amalengeza malo mu nyuzi ndi pa webusaiti yawo, muziyang'ana pafupipafupi komanso mufunse ku dipatimenti konko mukapita. Kunja, njira imene a Malawi ambiri adutsa ndi ya ku South Africa, ma yunivesite ngati Wits, Cape Town, Stellenbosch, Pretoria, komwe ntchito ya labu imayendetsedwa ndi bungwe la boma la ma labu la NHLS ndipo mayeso ake ndi a Colleges of Medicine of South Africa, FC Path, Part I ndi Part II, kuphatikizapo kafukufuku wa MMed. Ndi zaka 4 kapena 5. Chimene anthu samakuuzani msanga n'chakuti mlendo amalowa ngati supernumerary registrar, kutanthauza kuti ntchito mumagwira yofanana ndi anzanu koma salale ya kumeneko simulandira, lendi ya Johannesburg ndi chakudya zikuchokera kwa amene wakutumizani. Ndiye pali East Africa, Makerere ku Kampala ndi zaka 3, Aga Khan ku Nairobi ndi zaka 4, ilinso ku University of Nairobi, ku Muhimbili ku Dar es Salaam, ndi pafupi pompa ku Lusaka. Ena amaderera East Africa, ine sinditero, matenda amene mukaone ku chipatala cha Mulago ku Kampala ndi omwewo mudzawapeze ku Kamuzu Central, ndipo moyo wake ndi wotchipirako. South Africa ubwino wake ndi zipangizo, immuno (ma stain apadera ozindikiritsa mtundu wa chotupa) yambiri, molecular, ma case ochuluka zedi, koma mukabwerako mumayenera kuphunziranso kupereka yankho ndi H&E ndi ma stain ochepa amene alipo mwezi umenewo.

Mapepala ndi omwe mukuwaganizira kale: satifiketi ya digiri, transcript, umboni woti intanishipu ya miyezi 18 munamaliza, registration ya Medical Council of Malawi yolipira chaka chino, certificate of good standing, CV, pasipoti yosatsala pang'ono kutha. Good standing musathamangire kutenga, mabungwe ambiri saifuna ikapitirira miyezi 3, nde muziwerengera nthawi. Koma chimene muyambe lero ngati mukuganiza za South Africa ndi EPIC, njira ya bungwe la ku America la ECFMG yotsimikizira kuti mapepala anu ndi enieni, a HPCSA, khonsolo ya madokotala ya ku South Africa, amaifuna musanalembetsedwe. A ECFMG amalembera ku sukulu yanu ndi ku khonsolo kuti atsimikize, ndipo kalata ikangokhala pa desiki ya munthu amene wapita ku maliro kapena ku workshop ku Mangochi miyezi imatha, muyenera kuitsatira nokha, kuimba foni, nthawi zina kukwera basi kukaonekera. Amalipiritsa m'madola, ndipo za madola m'dziko muno sindikuuzani ine.

Ndalama ndiye phiri lenileni, malo kupeza n'kosavuta kuyerekeza ndi sponsor. Ndaona anthu ali ndi kalata ya admission m'manja chaka chonse mpaka malo kupatsidwa wina. Nde zinthu ziwirizi muziziyendetsa limodzi, osadikira kuti ndipeze kaye malo. Ngati muli pa payroll ya boma dzina lanu liyenera kukhala pa training plan, mulankhule ndi a HR pa chipatala panu ndi ku Unduna wa Zaumoyo, mupemphe study leave, ndipo mudzasaina bondi yoti mukabwera mudzagwira ntchito m'boma. Werengani bondiyo musanasaine, mufunse kuti salale ipitirira kapena ayi, fizi akulipira ndani, stipend ndi zingati ndipo ibwera mu ndalama yanji, chifukwa stipend ya makwacha ukukhala dziko la ma rand imasungunuka kwacha ikangogwa. Kupatula boma, mapulojekiti a kafukufuku wa khansa ndi amene athandiza kuphunzitsa madokotala ambiri, ndipo amatenga anthu amene akuwadziwa kale nkhope, mwaona kuti tabwereranso ku zoti mupite ku labu.

Pa personal statement ndi intavyu, funso ndi limodzi ngakhale alifunse mosiyanasiyana: bwanji pathology? Yankho loti "ndikufuna nthawi yokhala ndi banja" musalinene ngakhale lili loona pang'ono, amamva ngati mukuthawa ku wodi. Loti "Malawi ili ndi ma pathologist ochepa" ndi loona koma aliyense amalemba lomwelo, makamaka masiku ano anthu akungouza ChatGPT kuti iwalembere, ma statement onse akumafanana ngati ana a bambo mmodzi. Inu fotokozani case imodzi ya mu kabuku kanu kaja, popanda dzina la wodwala, mwachitsanzo mnyamata wa ma gland m'khosi amene anamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osasintha mpaka biopsy inadzaonetsa lymphoma, nenani chimene munaona pa sulaidi pamene anakuonetsani ndi chimene chinasintha kwa wodwalayo. Bwerezaninso histology ya normal musanapite, akhoza kukuonetsani chithunzi, ndipo ngati simukudziwa fotokozani zimene mukuona n'kunena kuti apa ndingafunse wamkulu. Mu ntchito imeneyi munthu wolimba mtima pa zinthu zomwe sakudziwa ndi woopsa, ndipo panel imayang'ana zimenezo.

Za America, a pa YouTube aja sakunama kwenikweni, pathology ili m'gulu la ma specialty amene amalandira madokotala ophunzira kunja kuposa surgery. Koma msewu wake ndi uwu: mayeso a udokotala a konko a USMLE Step 1, imene kuyambira January 2022 ndi pass kapena fail basi, Step 2 CK imene malikisi ake amawayang'ana kwambiri, mayeso a Chingerezi a OET, satifiketi ya ECFMG, kenako kutumiza ma application pa webusaiti ya ERAS mu September, ma intavyu, n'kudikira Match, pomwe amagawa malo, mu March. AP/CP, pulogalamu yophatikiza anatomical ndi clinical pathology, ndi zaka 4. Ubwino wake resident amalipidwa. Koma chilichonse pa mndandanda umenewu ndi madola ankhaninkhani, amafunanso makalata a ma pathologist a konko kutanthauza kuti mupiteko kaye kukaonerera, pomwe mu 2025 boma la America linayamba kufuna bondi yofika mpaka madola 15,000 kwa a Malawi ofuna viza yoyendera. Pa salale ya medical officer wa pa district, ine ndingati muike mphamvu zanu pa njira za pafupi. Ngati muli ndi malume ku Texas amene ali okonzeka kusenza zonsezi, imeneyo ndi nkhani ina, mukambirane.

Anzanu akuti ndi ya otopa ndi ma call, asiyeni, tsiku lina adzakuimbirani foni ali mu thiyeta kufunsa kuti ripoti la wodwala wawo lili pati. Koma zoipa zake ndisakubisireni. Palibe wodwala adzakubweretsereni nkhuku kapena thumba la mbatatesi, ambiri sadzadziwa n'komwe kuti munalipo. Reagent ikatha kapena makina akafa ntchito imaima ndipo otukwanidwa ndinu. Ndipo mukalakwitsa cholakwacho chimakhala pa galasi zaka zambiri, aliyense akhoza kudzachitulutsa n'kuchiona.

Mayi muwauze mwachidule kuti: mukukumbukira achakhali aja anawadula kanyama n'kutumiza ku Lilongwe? Amene anayang'ana kanyamako n'kunena matenda ndi dokotala, ndipo ndikufuna ndikhale ameneyo. Mudzi uli onse masiku ano uli ndi munthu amene anadikirapo ma results otero, amvetsa.

*

A Dokotala, ine ndi lab technician, ndili ndi dipuloma ndipo ndagwira ntchito zaka 7 kuno ku Ntcheu. Kodi ndingapange upgrade mpaka kukhala pathologist?
A.M., Ntcheu

Bambo, kuti musataye nthawi: pathologist amene amasaina ripoti la biopsy amayenera kukhala dokotala kaye, MBBS, intanishipu, kenako MMed. Dipuloma kapena digiri ya medical laboratory sciences siilowetsa ku MMed mwachindunji. Ngati mtima uli pomwepo ndiye kuti mukuyamba MBBS, alipo anzanu amene anachita zimenezo ali ndi ana kale, koma muwerengere kuti ndi zaka zoposa 10 musanafike.

Koma taonani mbali inayi. Pangani digiri ya lab, kenako mulowe mbali ya histotechnology, yokonza ma sulaidi, kapena cytology. Sulaidi yopindika, yokhuthala kapena yopakidwa moipa ngakhale pulofesa sangaiwerenge, ndipo anthu odziwa kudula bwino pa microtome ndi kuyendetsa immuno ndi osowa ngati ma pathologist omwewo. Amene aphunzira cytology amayang'ananso okha ma sulaidi a Pap smear n'kupereka okayikitsa kwa dokotala. Ndi zaka 7 za pa benchi muli kale patsogolo pa mwana wongochoka ku sukulu.

*

A Dokotala, ndine intern wamkazi, kwathu ndi ku Bembeke. Pathology ndimaifuna koma ndamva kuti mankhwala a mu labu ndi oopsa kwa munthu woyembekezera, ndipo ine ndi amuna anga tikufuna mwana posachedwa. Ndisiye?
Nachisale, Dedza

Achemwali musasiye. Zoona formalin si wosewera naye, bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo xylene amene amagwiritsa ntchito pokonza ma sulaidi nayenso si wabwino kupuma tsiku lonse. Koma zimenezi zili ku chipinda chodulira ma specimen, osati pa maikulosikopu. Mukakhala ndi pakati mumauza akuluakulu msanga, amakusinthani rota kuti muchepetse kudula ndi ku mochale, ndipo nthawi ina iliyonse muziona kuti fani yokoka mpweya ikugwira, magolovesi ndi magalasi muvale, mabotolo azikhala otseka. Pa intavyu muli ndi ufulu wofunsa za maternity leave, ndipo kwa sponsor mufunsenso ngati stipend imapitirira mukawonjezera miyezi chifukwa cha uchembere, zimenezi zilembedwe pa pepala osati za pakamwa. Ku Lilongwe kuli Dr Tamiwe Tomoka amene anadutsa msewu wa pathology ali mayi wa ku Malawi ngati inu nomwe, nde pomwe muli pa intanishipu pano pemphani masiku ochepa mukaone labu yawo.